Mutu 9: Liu lakuti "attack" ndi aneni ake m'Cinyanja

Zolinga za mutu uno

Pakutha pa mutu uno muyenera kukhoza:

1. kufotokoza matanthauzo a liu la Cingelezi lakuti "attack", monga dzina ndiponso monga mneni;
2. kusankha mneni wa Cinyanja woyenera pa tanthauzo lililonse;
3. kuzindikira ndi kuongola zolakwa zimene ana amacita pogwiritsa nchito liuli;
4. kukonza phunziro lothandiza ana kumasulira nkhani mosamala ndi moona.

1. Mau oyamba

Mphunzitsi wa Cinyanja m'sukulu za mu Lusaka sagwira nchito m'cilankhulo cimodzi cokha. Mwana amene mudzam'peza m'kalasi ku Chawama amalankhula Cinyanja ca m'tauni pa msika ndi pa mpopi. Kunyumba mwina amalankhula Cinsenga, Cibemba kapena Citonga. Nkhani za m'dziko amazimva m'Cingelezi pa wailesi ndi pa foni ya makolo ake, ndipo pa nthawi ya phunziro lanu afunika kulemba Cinyanja ca m'buku. Tsiku lililonse mwanayu amaolotsa mau kucokera ku cilankhulo cina kupita ku cinzake, ngakhale kuti palibe anam'phunzitsa kumasulira.

Malamulo a maphunziro akhala akusintha pa nkhani imeneyi. Kuyambira mu 1966 ana anali kuphunzitsidwa m'Cingelezi kucokera mu Giredi 1. Mu 2014 boma linayamba kuphunzitsa ana a Giredi 1 mpaka 4 m'zilankhulo za m'madera mwao, ndipo mu Lusaka cilankhuloco cinali Cinyanja. Dongosolo la maphunziro la 2023, limene linayamba kugwira nchito mu 2025, linabwezera Cingelezi pa malo oyamba, ndi kulola mphunzitsi kufotokoza zovuta m'cilankhulo cimene ana adziwa. Lamulo lingasinthe motani, nchito yanu ikhala yomweyo: kuimirira pakati pa zilankhulo ziwiri ndi kuonetsetsa kuti tanthauzo silitayika panjira.

M'mutu uno tatenga liu limodzi kuti likhale citsanzo. Liu lakuti "attack" lipezeka pafupifupi tsiku lililonse m'nyuzipepala, m'nkhani za mpira, m'mabuku a sayansi ndi m'mauthenga a pa foni. Mfundo yathu ndi iyi: pamene Cingelezi cikhutira ndi liu limodzi, Cinyanja cifuna kudziwa amene wacita, amene wacitiridwa, ndi cimene cacitika ceniceni, cisanakupatseni mneni. Womasulira sangabisale. Mneni amene wasankha ndiye aonetsa ngati wamva nkhani kapena wangomva mantha ake.

2. Ciyambi ndi maonekedwe a liu

Liuli linalowa m'Cingelezi ca m'ma 1600 kucokera ku mneni wa Cifalansa wakuti "attaquer". Afalansa naonso anali atalibwereka ku Citaliyana, kumene "attaccare" litanthauza kulumikiza kapena kuphatikiza zinthu. Ataliyana ponena za asilikali amene ayamba kumenyana anali kunena kuti alumikiza nkhondo. Ici ndico cifukwa cake "attack" ndi "attach" ndi mau apacibale, ngakhale lero lina linena za udani ndipo lina linena za kumata. Mbiri imeneyi ikuthandizani kugwira mtima wa liuli: ndiko kusendera ku cinthu ndi kuyamba kulimbana naco mwamphamvu. Pa matanthauzo onse amene tione, wocita "attack" ndiye woyamba. Wobwezera ali ndi liu lake, "counter-attack", ndipo wodzichinjiriza ali ndi lake, "defend".

Liuli ligwira nchito ziwiri popanda kusintha kalembedwe. Ndi mneni m'ciganizo cakuti "The dog attacked the boy", ndipo ndi dzina m'ciganizo cakuti "The attack happened at night". Monga mneni lifuna pamtherankhani woima pafupi pomwepo, popanda mperekezi pakati. Monga dzina lifuna mperekezi "on": timati "an attack on the camp". Wocita zimenezi ndi "attacker", ndipo amene ali mkati mozunzidwa ali "under attack".

3. Matanthauzo ndi aneni ake

3.1 Nkhondo

Tanthauzo loyamba ndi la magulu a nkhondo. Pano Cinyanja cimati kuthira nkhondo, kuukira, kapena kumenya nkhondo. Mu Januwale 1898 asilikali a Angelezi anathira nkhondo Angoni a Mpezeni ku dera limene lero ndi Chipata, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni, anagwidwa ndi kuphedwa. Buku la mbiri la m'Cingelezi linena kuti "attacked", koma inu mudzati anathira nkhondo, pakuti panali magulu awiri okhala ndi zida.

Lusaka nayo ili ndi zitsanzo zimene agogo a ana anu akumbuka. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, kumpoto kwa mzinda, ndipo anthu oposa 200 anafa. Mu Epulo 1979 asilikali a Rhodesia analowa mu Lusaka usiku ndi kuphwasula nyumba imene Joshua Nkomo anali kukhalamo, koma iye sanam'peze. Pa 19 Meyi 1986 ndege za South Africa zinaombera msasa wa othawa kwao ku Makeni, tsiku lomwelo limene asilikali a dzikolo anacita zofanana ku Harare ndi ku Gaborone. Taonani kuti pa zocitika zitatu izi, zimene zonse ndi "attack", tagwiritsa nchito aneni atatu: kuponya mabomba, kuphwasula, kuombera. Cinyanja catikakamiza kunena cimene cinacitika.

Cingelezi naco cili ndi mau apafupi amene muyenera kuwasiyanitsa. "Raid" ndi kuukira kwa kanthawi, kumenya ndi kubwerera. "Invade" ndi kulowa m'dziko la eni ndi colinga cokhalamo kapena kulilanda. "Ambush" ndi kulalira, ndiko kubisalira munthu panjira. "Attack" ndilo liu lalikulu lophimba onsewa.

3.2 Anthu oipa ndi nyama

Ngati wocita ndi munthu mmodzi kapena kagulu, nkhondo palibe. "Thieves attacked a trader near the market" m'Cinyanja ndi "Acifwamba anacita ciwembu wamalonda pafupi ndi msika", kapena anam'fwamba, anam'menya, anam'baya, malinga ndi cimene cinacitika. Mwana akalemba kuti acifwamba anathira nkhondo wamalonda, wakuza nkhani kuposa msinkhu wake.

Pa nyama Cinyanja cili ndi cuma cambiri, pakuti nyama iliyonse ili ndi mneni wake. Galu aluma. Njoka iluma, njuci ziluma. Mkango ugwira munthu, ng'ona nayo igwira. Ng'ombe igunda, nkhuku ya anapiye ijompha, kabawi afwamphula mwanapiye. Zonsezi Mngelezi angathe kuzinena ndi liu limodzi. Apa pali mwai woonetsa ana kuti cilankhulo cao si cosauka. Ambiri a iwo amaganiza kuti Cingelezi ndico cili ndi mau ambiri pa ciliconse. Alembetseni mndandanda wa nyama ndi aneni ake, adzionere okha.

3.3 Mau a pakamwa

M'nyuzipepala mudzawerenga kawirikawiri kuti "The councillor attacked the plan" kapena "The minister came under attack in Parliament". Apa palibe dzanja lakwezedwa. Khansala watsutsa maganizo, nduna yadzudzulidwa. Aneni athu ndi kutsutsa, kudzudzula, kunyoza, kutukwana ndi kuneneza, ndipo sali ofanana. Kutsutsa ndi kukana mfundo. Kudzudzula ndi kuonetsa munthu colakwa cake, ndipo kungathe kucitika mwacikondi. Kunyoza ndi kucepetsa munthu, kutukwana ndi kunena mau onyansa, ndipo kuneneza ndi kusenzetsa munthu mlandu umene mwina sanapalamule. Mwana amene amva pa wailesi kuti nduna inacitidwa "attack" m'Nyumba ya Malamulo, nakauza agogo ake kuti nduna yamenyedwa, wafalitsa bodza mosadziwa.

3.4 Matenda, tizirombo ndi dzimbiri

Tanthauzo ili ndilo lisokoneza ana kwambiri, cifukwa mdani saoneka. "An asthma attack" ndi nthawi imene mphumu yam'yamba munthu mwadzidzidzi, nayamba kubanika. "An attack of malaria" ndi kugwidwa ndi malungo. "Heart attack" sikutanthauza kuti mtima waukira mwini wake, ndipo si cimodzimodzi ndi kuthamanga kwa magazi kumene anthu amati BP. Ndi vuto lobwera pamene mtsempha wopereka magazi ku mnofu wa mtima watsekeka, mnofuwo nuyamba kufa. Cogwirizanitsa tanthauzoli ndi la nkhondo ndi kudzidzimutsa. Akuluakulu anati cakudza siciimba ng'oma.

Ana a ku Chawama, Kanyama ndi Matero adziwa bwino za kolera. Mliri umene unabuka mu Okutobala 2017 unadwalitsa anthu oposa 5,000 mu Lusaka. Umene unayamba mu Okutobala 2023 unadwalitsa anthu oposa 20,000 m'dziko lonse ndi kupha oposa 700. Bwalo la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo sukulu zinacedwa kutsegulidwa mpaka pa 12 Febuluwale 2024. M'malipoti a zaumoyo mupeza mau akuti "attack rate". Tanthauzo lake ndi ciwerengero ca amene adwala poyerekeza ndi anthu onse amene anali pa ngozi yotenga matendawo. M'Cinyanja mliri ubuka, ugwa, ufala. Kusankha bwino mneni pano kuli ndi phindu pa moyo. Mwana akamva kuti komboni yaukiridwa, afunsa kuti mdani ndani. Akamva kuti mliri wabuka, afunsa za madzi a m'citsime, za cimbudzi ndi za kusamba m'manja.

Ku munda ndi ku nyumba liuli lipezekanso. Mbozi zimene zinalowa m'minda ya cimanga m'Zambia kumapeto kwa 2016 zinadya ndi kuononga cimanga. Anankafumbwe afumbwitsa cimanga m'thumba, ciswe cidya mitengo ya denga, ndipo dzimbiri lidya malata. Buku la sayansi lidzati "Rust attacks iron sheets". Mwana wanu anene kuti dzimbiri lidya malata, monga anena amai ake.

3.5 Mpira, nchito ndi kuwerenga

Pali matanthauzo ena amene alibe udani konse. Pa mpira "the attack" ndi osewera kutsogolo, ndipo "to attack" ndi kupita ndi mpira ku golo la anzanu ndi kuwapanikiza. Pa 12 Febuluwale 2012 ku Libreville, Chipolopolo inalimbana ndi Côte d'Ivoire, imene kutsogolo kwake kunali Didier Drogba. Masewera anatha popanda cigoli, ndipo Zambia inapambana 8 kwa 7 pa mapenate. Mwana aliyense wokonda mpira angakuuzeni kuti pa tsikulo panali "attack" ndi "defence", koma palibe anathira nkhondo mnzake.

Munthu angathenso kucita "attack" pa nchito, pa vuto, ngakhale pa mbale ya nsima. Tanthauzo lake ndi kuyamba ndi cangu ndi mphamvu, mosazengereza. Inu eni mudzakumana ndi tanthauzoli m'maphunziro a kaphunzitsidwe ka kuwerenga, pamene mudzamva za "word attack skills". Limeneli ndi luso la mwana lolimbana ndi liu lacilendo: kuliphwanya m'maphatikizo, kuchula phatikizo lililonse, kuwalumikiza, ndi kuona ngati tanthauzo ligwirizana ndi ciganizo. Mwana amene aona liu lakuti "mphunzitsi" naligawa kuti mphu, nzi, tsi, ali pa nchito imeneyi.

4. Cenjezo pa mneni wakuti kuukira

Ophunzira ambiri akafunsidwa tanthauzo la "attack" amayankha msanga kuti kuukira, ndipo amathera pomwepo. Yankho limeneli si lolakwika, koma ndi loperewera. Mneni wakuti kuukira acokera ku tsinde lakuti -uka, kuonjezapo msintho -ir-, umene uonetsa kuti nchito yalunjika kwa wina. Kuukira munthu ndi kum'dzukira, ndipo kawirikawiri mumamveka kuti wocita anali cete kapena anali pansi pa ulamuliro, tsopano watembenuka. Cifukwa cake timati galu waukira mbuye wake, anthu aukira mfumu, asilikali aukira boma. Pa 28 Okutobala 1997 kagulu ka asilikali kotsogozedwa ndi Kaputeni Stephen Lungu, wodziwika ndi dzina lakuti Solo, kanalanda nyumba ya wailesi mu Lusaka kwa maola owerengeka. Ife timati anaukira boma, koma Mngelezi pamenepo anena "rebel" kapena "attempted coup".

Conco mau awiriwa ali ngati minda iwiri yogundana malire: pali mizere ina imene agawana, koma uliwonse uli ndi dera lake. Mtanthauziramau wa zilankhulo ziwiri amaika liu limodzi pambali pa linzake cifukwa ca kucepa kwa malo. Phunzitsani ana kuti mtanthauziramau aonetsa poyambira, ndipo ciganizo ndico cigamula.

Mudzamvanso ana akunena kuti "anamuataka" kapena "bamuataka". Umu ndi mmene Cinyanja ca m'tauni cibwerekera aneni a Cingelezi: citenga liu, ciikapo -a kumapeto, ndipo lilandira misintho yonse, mpaka kumveka "kuatakiwa". Musam'seke mwana kapena kum'langa cifukwa ca liu limeneli, pakuti kubwereka ndi khalidwe la zilankhulo zonse, ndipo taona kuti Cingelezi naco cinabwereka liu lomweli. Koma m'funseni kuti, "Anam'cita ciani kwenikweni?" Yankho lake lidzatulutsa mneni amene afunika m'cimangirizo.

5. Pamene kumasulira kukhudza moyo

Mwina mufunsa cifukwa cimene tatayira nthawi yotere pa liu limodzi. Yankho lili m'zimene zacitika m'makomboni momwe mudzaphunzitsa.

Mu Epulo 2016, pambuyo pa kuphedwa kwa anthu angapo ku George ndi madera oyandikana nao, kunamveka mphekesera yakuti eni masitolo ocokera ku Rwanda ndiwo anali kucita zimenezi. Cipolowe cinayambira ku Zingalume ndi ku George ndi kufalikira ku makomboni ena. Masitolo oposa 60 anafunkhidwa, mabanja ambiri anathawira ku chalichi ca St Ignatius, ndipo anthu awiri amene anatenthedwa ku Kanyama anali nzika za Zambia. Kumapeto kwa 2019 ku Chingola kunayamba nkhani za anthu opopera mpweya woipa m'nyumba za anzao, ndipo pofika mu Febuluwale 2020 mantha anali atafika mu Lusaka. Nyuzipepala zinalemba za "gas attacks". Anthu anagona panja kulonda, ndipo magulu a anthu anapha anthu ambiri ongowaganizira, ena a iwo alendo ongodutsa.

Pa nthawi zoterezi uthenga umafika pa foni m'Cingelezi, mwacidule: "Another house attacked in Chawama." Kawirikawiri amene auwerengera banja ndi mwana wa sukulu. Yang'anani bwino ciganizoco. Mneni ali mu msintho wocitidwa, ndipo mwininkhani weniweni, amene wacita, sanachulidwe. Cimene cacitika sicinanenedwe, kaya ndi kuba, kaya ndi kuthyola citseko, kaya ndi fungo cabe limene wina wamva. Liu lakuti "attacked" lanyamula mantha okhaokha, ndipo mpata wa wocita uli pululu. Anthu a mantha amafulumira kuikapo dzina pa mpata wotero, ndipo dzina limene limabwera msanga ndi la mlendo.

Mwana amene mwam'zoloweretsa kufunafuna mneni weniweni wa Cinyanja adzaima pamenepo, pakuti sangamasulire asanadziwe zambiri. Muphunzitseni mafunso anai awa, ndipo muwalembe pa cipupa ca kalasi:

1. Wacita ndani?
2. Wacitiridwa ndani?
3. Cacitika n'ciani kwenikweni?
4. Wanena zimenezi waona yekha, kapena wamva?

Mafunso atatu oyamba ndi a galamala: afuna mwininkhani, pamtherankhani ndi mneni. Lacinai ndi la umunthu. Ngati uthenga suyankha mafunsowa, kumasulira koona ndi kwakuti, "Akuti kwacitika kanthu pa nyumba ina, koma sananene kuti n'ciani kapena wacita ndani." Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumbukiraninso kuti m'kalasi mwanu mungakhale ana a makolo ocokera ku Rwanda, Burundi kapena Congo, ndiponso ana amene anaona ciwawa ndi maso ao. Posankha zitsanzo musachule mtundu wa anthu monga wocita zoipa, ndipo musakakamize mwana kusimba zimene zinagwera banja lake. Zitsanzo za galu, dzimbiri ndi mpira zikwanira kuyambira nazo.

6. Zolakwa zimene ana amacita

Kachulidwe. Mau a Cinyanja amatha ndi lembo la liu, conco ana amati "ataki". Athandizeni kutseka liu pa k, ndi kuika mphamvu pa phatikizo laciwiri. Pa nthawi yakale, "attacked" lili ndi maphatikizo awiri okha ndipo limveka ngati latha ndi t. Ana ambiri amaonjeza phatikizo lacitatu cifukwa cowerenga lembo lililonse, monga anaphunzirira m'Cinyanja.

Kalembedwe. Liuli lili ndi t awiri ndipo litha ndi ck. Ana amalemba "atack" kapena "attak", ndipo ena amalisokoneza ndi "attach". Lembani mau awiriwa pamodzi pa bolodi, ana aone kuti asiyana pa lembo lomaliza lokha.

Mperekezi. Ana amalemba kuti "They attacked on him", cifukwa anamva "an attack on him". Lamulo ndi lakuti mneni alibe mperekezi, dzina ndilo lili naye.

Kumasulira liu ndi liu. Mwana amalemba kuti "Malungo anaukira mlongo wanga" kapena "Mtima unam'thira nkhondo". M'funseni ngati anamvapo munthu wamkulu akulankhula motero. Khutu la mwana lidziwa Cinyanja cabwino kuposa colembera cake.

7. Citsanzo ca phunziro

Kalasi: Giredi 6. Nthawi: mphindi 40. Zipangizo: bolodi, coko, timapepala tisanu ndi kamodzi tolembedwa ciganizo cimodzicimodzi.

Ziganizo zake ndi izi:

1. A dog attacked the girl at the tap.
2. Termites have attacked the roof poles.
3. The chairman attacked the new market fees.
4. Grandmother had an asthma attack.
5. Our team attacked from the first whistle.
6. A shop was attacked last night.

Poyambira, mphindi 5. Funsani ana kuti galu amacita ciani akapsa mtima, nanga ng'ombe, nanga nkhuku ya anapiye. Lembani aneni ao pa bolodi. Auzeni kuti Cingelezi cingathe kunena zonsezi ndi liu limodzi, ndipo lembani liulo.

Gawo loyamba, mphindi 10. Gawani ana m'magulu asanu ndi limodzi, gulu lililonse litenge kapepala. Ngati kalasi ndi lalikulu, monga zimakhalira m'makomboni, magulu awiri atenge ciganizo cimodzi. Gulu liyankhe mafunso atatu oyamba ndi kulemba ciganizo m'Cinyanja.

Gawo laciwiri, mphindi 15. Gulu lililonse liwerenge zimene lalemba, ena aweruze ngati munthu wamkulu angalankhule motero. Mayankho oyembekezeka ndi akuti galu analuma mtsikana pa mpopi, ciswe cadya mitengo ya denga, wapampando anatsutsa misonkho yatsopano ya pa msika, agogo inawayamba mphumu, ndipo timu yathu inapanikiza anzao kuyambira pa wezulo woyamba.

Gawo lacitatu, mphindi 7. Siyani ciganizo comaliza mpaka pano. Gulu lake lidzakhala litavutika, ndipo mayankho adzasiyana: ena adzati sitolo inathyoledwa, ena inatenthedwa, ena inafunkhidwa. Musasankhe yankho limodzi. Funsani kalasi kuti, "Tadziwa bwanji?" Atsogolereni kuona kuti ciganizo sicinanene wocita kapena cocitika, ndipo apa onetsani funso lacinai.

Pomaliza, mphindi 3. Ana alembe mafunso anai m'makope mwao. Nchito ya kunyumba ikhale kumvetsera nkhani pa wailesi ndi kubweretsa ciganizo cimodzi cokhala ndi liuli, pamodzi ndi kumasulira kwake.

Poyesa nchito ya ana, perekani malikisi pa kusankha mneni wogwirizana ndi wocita. Mwana amene walemba kuti ciganizo sicinanene zokwanira, nafotokoza cimene casowa, alandire malikisi onse.

8. Nchito yoti mucite

1. Pezani mitu ya nkhani khumi m'nyuzipepala yokhala ndi liu lakuti "attack". Iikeni m'magulu asanu a m'gawo 3, ndipo mumasulire uliwonse m'Cinyanja.
2. Pa mitu imeneyo, ndi ingati imene sinachule wocita? Fotokozani mmene mungaimasulire popanda kuonjeza zimene mtolankhani sananene.
3. Lembani ziganizo zisanu zokhala ndi mneni wakuti kuukira. Ndi ziti zimene m'Cingelezi zifuna liu lina osati "attack"?
4. Siyanitsani aneni awa popereka citsanzo pa aliyense: kutsutsa, kudzudzula, kunyoza, kuneneza.
5. Tsatirani njira ya m'mutu uno pa limodzi la mau awa: "strike", "charge", "beat". Konzani phunziro la mphindi 40 ndi kuliyesa pamaso pa anzanu.
6. Kambiranani m'magulu: kodi liu lakuti "kuataka" liyenera kuloledwa m'cimangirizo? Nanga m'sewero losimba za moyo wa ku Chawama? Perekani zifukwa.

Mau amene ali ngati "attack" ndi ambiri, ndipo simudzatha kuwaphunzitsa onse. Cimene mungathe ndi kusiya mwa mwana cizolowezi cofunsa asanamasulire, ndi cofuna mneni weniweni asanauze wina. M'mutu wotsatira tidzatembenuza nchitoyi, tione aneni a Cinyanja monga kudya ndi kumva, amene Cingelezi ciwagawa m'mau ambiri.